Batire la lithium lopangidwa pamanja mu UPS: luso labwino, tchaja yosayenera

Kwa zaka zingapo kompyuta yanga ndi rauta ya intaneti zakhala zikudalira UPS yaing'ono (chipangizo chosunga magetsi m'batire kuti kompyuta isazime magetsi akathima), ya mtundu umene umagwiritsa ntchito batire limodzi la mtovu la 12V, 7Ah. Aliyense amene ali ndi chipangizo chotere amalidziwa vuto lake: batire limatumikira bwino zaka ziwiri kapena zitatu, kenako tsiku lina magetsi akangophethira, kompyuta imazima pomwepo ngati kuti UPS palibe. Batire lachitatu litafooka, ndinaganiza zoyesa njira imene anthu ambiri akuitamanda masiku ano, yoika batire la lithium m'malo mwa la mtovu, ndipo ntchitoyo ndinaipereka kwa amisiri ena amene amalumikiza mabatire otere ndi manja awo. Ndemanga iyi ikunena za mabatire awiri amene anandipangira, komanso za mmene anandithandizira zinthu zitavuta. Dzina lawo sindilitchula, chifukwa cholakwika chimene chinachitika si cha iwo okha. Wina aliyense angachichite ngati wayamba kuwotcherera maselo (timabatire ting'onoting'ono timene timapanga batire lalikulu) asanayeze tchaja ya mu UPS.

Batire loyamba linali lopangidwa mwaluso, ndipo ndiyenera kuvomereza zimenezi ndisanafike pa zodandaula. Linali ndi maselo 12 a mtundu wa 18650, aja ooneka ngati kamtondo amene amapezeka m'mabatire a laputopu zakale, omwe dzina lawo limachokera ku kukula kwawo, mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali. Amisiriwo anawaika m'magulu atatu a maselo anayianayi, n'kulumikiza maguluwo motsatizana. Timalamba ta nikelo anatiwotcherera ndi makina ogunda kamodzi, osati ndi chitsulo chamoto chimene chimatenthetsa selo lonse, ndipo pamutu pa selo lililonse anaikapo kapepala kotchinga asanakutire zonse ndi pulasitiki yabuluu. Linalowa bwinobwino pamalo pa batire lakale. Polinyamula silinafike kilogalamu imodzi, pamene la mtovu limaposa makilogalamu awiri. Tsiku loyambalo ndinazimitsa dala magetsi pakhoma, ndipo UPS inagwira kompyuta nthawi yaitali kuposa mmene batire latsopano la mtovu linkachitira. Ndinakhutira.

Vuto linaonekera madzulo a tsiku lachiwiri. Ndikukonza mawaya pansi pa tebulo, dzanja langa linagunda mbali ya UPS imene kumakhala batire, ndipo inali yofunda kwambiri, chonsecho magetsi sanazime tsiku lonselo moti batire silinagwire ntchito iliyonse. Nditatsegula kachitseko kake ndinamva kafungo konga ka mankhwala ochotsera penti ya pazikhadabo. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma selo la lithium likayamba kutulutsa mpweya limanunkha, ndipo amene wamva fungo limeneli asadikire chizindikiro china. Ndinatenga mita yoyezera magetsi n'kuyeza. Pamawaya awiri ochokera mu UPS panali 13.7V. Gulu loyamba linali pa 4.52V, lachiwiri pa 4.56V, lachitatu pa 4.62V. Ndinazula zonse kumagetsi, ndinalitulutsa batirelo ndi dzanja lovala magolovesi, n'kukaliika panja pa simenti, kutali ndi chilichonse chimene chingayake.

Manambala amenewa ndiwo mutu wa nkhani yonseyi. Selo la lithium la mtundu wa m'laputopu limadzaza pa 4.2V, ndipo malire amenewa sapatsa mpata wopitirira. Magulu atatu otsatizana amadzaza pa 12.6V. Koma tchaja ya mu UPS inapangidwira batire la mtovu, limene limafuna kusungidwa pakati pa 13.5V ndi 13.8V usana ndi usiku kuti likhale lokonzeka. Mukagawa 13.7V m'magulu atatu, gulu lililonse limalandira pafupifupi 4.57V. Wina angaganize zowonjezera gulu lachinayi, koma pamenepo batire limafuna 16.8V kuti lidzaze, ndipo 13.7V imangopereka 3.43V pa gulu, mlingo umene selo la mtundu uwu limakhala litatsala pang'ono kutheratu. Ndiye kuti pa UPS ya 12V, magulu atatu amatchajidwa mopitirira muyezo ndipo magulu anayi sadzaza n'komwe. Kuti munthu adziwe zimenezi safunika zida zapamwamba; mita wamba ndi kuwerengera kwa mphindi imodzi n'zokwanira, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti amisiriwo anaphonya, nanenso ndinaphonya posawafunsa.

Chifukwa chimene tchaja yotere siwonongera msanga batire la mtovu n'chofunika kuchimvetsa, pakuti ndi chimene chimasocheretsa anthu ozolowera mabatire akale. Batire la mtovu ndi asidi, limene Gaston Planté anatulukira mu 1859, lili ngati ndowa imene ikadzaza madzi amangosefukira pansi. Likadzaza, magetsi otsalawo amapita kukaphwanya madzi a mkati kukhala mpweya wa haidirojeni ndi wa okosijeni, ndipo m'mabatire omata a mu UPS mpweya wambiri umabwereranso kukhala madzi. Chifukwa cha kusefukira kumeneku, selo limene ladzaza msanga limadikira anzake, moti maselo asanu ndi limodzi a m'batiremo amafanana okha popanda wowayang'anira. Selo la lithium lilibe posefukira. Mukapitiriza kulikankhira magetsi litadzaza, lithium yochuluka imachoka kumbali ya pozitivi mpaka mbaliyo imafooka, ndipo kumbali ya negetivi, kumene malo atha, lithium imayamba kuunjikana pamwamba ngati chitsulo, nthawi zina n'kumera ngati timinga timene tingaboole kachikopa kopyapyala kolekanitsa mbali ziwirizo. Madzi a mkati mwa selo, omwe amayaka msanga, amayamba kuwonongeka n'kutulutsa mpweya ndi kutentha. Kutenthako kukafika pamlingo wina kumadzipitiriza kokha, selo limodzi n'kuyatsa linzake, ndipo kuzula pulagi pa nthawi imeneyo sikuthandizanso kanthu. Maselo ambiri a 18650 ali ndi kachipangizo kotchedwa CID kamene kamadula njira ya magetsi mpweya ukachuluka mkati, koma palibe munthu wanzeru amene angaike chitetezo cha nyumba yake pa kachipangizo kameneka, makamaka m'maselo akale amene mbiri yawo sakuidziwa.

Funso limene linandivutitsa kwambiri linali lokhudza BMS, kabolodi kamene ntchito yake ndi kuyang'anira gulu lililonse ndi kudula magetsi likapitirira malire. M'batiremo munali BMS, ndipo inayenera kudula gulu likafika cha m'ma 4.25V. N'chifukwa chiyani sinadule? Titang'amba pulasitiki ija pamodzi ndi amisiriwo, yankho linali poyera. Kabolodiko kanali ndi malo atatu olumikizirapo mawaya aakulu: B- wopita ku maselo, P- wotulutsira magetsi, ndi C- wotchajira. Pa C- panali poyera mbee, popanda waya. Popeza UPS ili ndi mawaya awiri okha, omwe imatchajira n'kukokeranso magetsi, amisiriwo analumikiza pa P- pokha. Pa mabolodi a mtundu umenewu, chodulira chotchinjiriza kutchaja mopitirira chili panjira ya C- yokha, kotero magetsi onse a tchaja ankalowera khomo limene panalibe mlonda. BMS inkaona kuti maselo apitirira malire, inkatseka khomo lake, koma khomolo silimene magetsi ankadzera. UPS imafuna bolodi limene kutchaja ndi kutulutsa kumadzera pa malo amodzi, ndipo kusiyana kumeneku sikuoneka batire likakutidwa kale.

Ngakhale bolodilo likanakhala loyenera, sindikanakhutira ndi batire loyambali. BMS inapangidwa kuti idule pakachitika zosayembekezereka, osati kuti izigwira ntchito ya tchaja tsiku ndi tsiku. Ndi tchaja ya 13.7V, bolodi likanamadula maselo akafika pamwamba, maselo n'kutsika pang'ono, bolodi n'kutsegulanso, choncho mobwerezabwereza kwa miyezi, maselo akukhala pamalire penipeni m'bokosi lofunda. Timatiranzisita ta MOSFET timene timadula magetsiwo tikawonongeka, kawirikawiri timawonongeka motsegula njira, osati moitseka, ndipo palibe nyale kapena kulira kulikonse kokuuzani kuti mlonda wafa. Tsiku limenelo gulu lililonse limabwerera pa 4.57V mwakachetechete.

Pa nkhani ya kasamalidwe ka kasitomala, amisiriwo ndikuwayamikira. Sanatsutse, sananene kuti UPS yanga ndi imene ili ndi vuto, ndipo atangoona manambala amene ndinalemba anavomera kuti sanayeze tchajayo. Ndinawapempha kuti maselo 12 aja asawaikenso m'batire la munthu wina, popeza selo limene lafika pa 4.6V lingaoneke labwinobwino kunja koma mkati litavulala kale, ndipo anagwirizana nazo kuti apite nawo kumalo olandirira mabatire otha ntchito. Kenako anandipangira batire lachiwiri la mtundu wina wa lithium, wotchedwa LiFePO4, umene gulu la John Goodenough ku University of Texas linaufotokoza m'zaka za m'ma 1990. Selo la mtundu uwu limagwira ntchito cha pa 3.2V ndipo limadzaza pa 3.65V, kotero maselo anayi otsatizana amadzaza pa 14.6V. Tchaja ya 13.7V imapereka 3.43V pa selo, mlingo umene selo limakhala litatsala pang'ono kudzaziratu koma lisanafike pamalire. Kuwonjezera apo, mtundu uwu sutulutsa okosijeni msanga ukatenthedwa ngati mmene wa m'laputopu umachitira, n'chifukwa chake suyaka mwachisawawa. Anagwiritsa ntchito maselo anayi atsopano a mtundu wa 32700, a 6Ah, ndi bolodi la khomo limodzi.

Kwa miyezi ingapo zonse zinayenda bwino. Bokosi silinkafunda, ndipo mita inkaonetsa 13.7V nthawi zonse. Koma chimene batire loyamba linandiphunzitsa n'chakuti nambala ya batire lonse imabisa zambiri, choncho tsiku lina ndinatsegula n'kuyeza selo lililonse palokha. Maselo awiri anali pa 3.33V, lachitatu pa 3.34V, ndipo lachinayi pa 3.70V. Mukaphatikiza mumapeza 13.70V yomweyo, nambala yooneka yabwino, koma selo limodzi linali litapitirira 3.65V ndipo linkakhala pamenepo usana ndi usiku.

Vuto ili ndi lobisika kuposa loyamba lija, ndipo ndikuganiza kuti ndi limene lili m'mabatire ambiri opangira pakhomo amene eni ake amawaona ngati abwinobwino. Selo la LiFePO4 limakhala pakati pa 3.2V ndi 3.35V pafupifupi ulendo wonse wa kudzaza kwake, kenako likafika kumapeto limakwera mofulumira kwambiri ndi magetsi ochepa chabe. Ngati selo limodzi linayamba lili patsogolo pang'ono pa anzake, limafika pamalo okwererapo anzake akadali pathyathyathya, ndipo popeza tchaja imangoyang'ana nambala ya batire lonse, mavoliti onse otsala amaunjikana pa selo limodzilo. Mabolodi ambiri otchipa a mtundu uwu amadula pa 3.75V, kotero selo la 3.70V limakhala pamwamba pa malire a wopanga maselo koma pansi pa malire a bolodi, pamalo amene palibe woliteteza. Titaliyang'anitsitsa bolodilo tinapezanso kuti linalibe mzere wa tizipangizo totsitsira selo lothamanga kuti anzake alipeze. Linali longodula magetsi chabe, ngakhale kuti pogulitsa linkatchedwa BMS. Komanso amisiriwo anavomera kuti maselo anayiwo anangowayeza ndi mita asanawalumikize, n'kuona kuti onse ali cha pa 3.3V. Pa mtundu uwu kufanana kumeneko sikutanthauza kanthu, chifukwa selo lodzaza theka ndi lodzaza magawo atatu mwa anayi amasiyana pang'ono zedi pa mita.

Kukonza kwake sikunali kovuta. Amisiriwo anamasula maselo, anawalumikiza onse pamodzi mbali zofanana, pozitivi kwa pozitivi, n'kuwatchaja pang'onopang'ono mpaka 3.65V kuti onse ayambire pamzere umodzi. Kenako anaika bolodi lina lokhala ndi njira yofananitsira maselo komanso kachoyezera kutentha. Apa pali chinthu choyenera kufunsa musanagule: kodi kufananitsako kumayamba pa mlingo wanji? Mabolodi ena amayamba selo likafika cha pa 3.6V, ndipo magetsi amene amatsitsa ndi ochepa kwambiri, mamiliampu makumi angapo okha. Bolodi limene limalola kusintha mlingowo kuti liyambe cha pa 3.4V limagwirizana bwino ndi tchaja ya UPS, chifukwa pamenepo ndi pamene maselo amakhala nthawi zonse. Ndinafunanso kutsitsa tchajayo kufika pa 13.5V, mlingo umene opanga mabatire a LiFePO4 ena amalangiza posunga batire lodzaza, koma UPS yanga ilibe posinthira. Sindikulimbikitsa aliyense kutsegula bokosi la UPS kuti akasinthe zamkati ngati si ntchito yake, pakuti makapasita amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo mu UPS zina mawaya a batire salekanitsidwa ndi magetsi a pakhoma.

Pali zofooka zina zimene kukonzaku sikunachotse. Chizindikiro cha UPS choonetsa kuchuluka kwa magetsi otsala sichinenanso zoona, chifukwa chinapangidwa motengera batire la mtovu limene limatsika pang'onopang'ono; ndi LiFePO4 chimaonetsa kuti batire lili lodzaza mpaka pafupi ndi mapeto, kenako UPS imalira kanthawi kochepa n'kuzima, moti pulogalamu yozimitsa kompyuta mwadongosolo sipeza nthawi yokwanira. Ndinaisintha kuti izizimitsa kompyuta pakapita mphindi zimene ndinaika, osadikira chenjezo. UPS yaing'ono yopanda fani inapangidwa kuti izigwira katundu kwa mphindi zochepa, choncho amene akuganiza zoika batire lalikulu kwambiri akumbukire kuti thiransifoma yake idzatentha batire lisanathe. Mabatire onse awiri anabwera opanda fyuzi, ndipo ndinachita kupempha kuti aiike pafupi ndi pozitivi, popeza maselo a lithium akagundana mawaya amatulutsa magetsi okwanira kusungunula waya. Chitsimikizo cha wopanga UPS, ngati chikadalipo, chimatha tsiku limene mwaikamo batire la mtundu wina.

Kwa amene ali ndi UPS ya 24V, nkhani imasinthako pang'ono. Tchaja yake imakhala cha pa 27.4V, ndipo maselo asanu ndi atatu a LiFePO4 amalandira 3.43V lililonse monga mmene zilili pa yanga, pamene magulu asanu ndi awiri a mtundu wa m'laputopu amalandira cha pa 3.9V, mlingo umene uli pansi pa 4.2V. Choyenera kupewa ndi kulumikiza motsatizana mabatire awiri a 12V, lililonse ndi BMS yake, popanda kutsimikiza kuti mabolodiwo amalola zimenezo, chifukwa palibe chimene chimafananitsa mabatire awiriwo, ndipo bolodi limodzi likadula limatsala litanyamula voliteji imene mwina silinapangidwire. Ndi bwinonso kuyeza tchaja kangapo, makamaka magetsi atangobwera kumene, popeza UPS zina zimakwera kupitirira 14V pa batire lililonse kwa kanthawi zisanatsikire pa mlingo wosungira, ndipo zina zimakweza voliteji kukazizira.

Sindikufuna kuchepetsa luso la amisiri amene amapanga mabatire pamanja, koma pali chinthu chimene sangapereke ngakhale atakhala osamala chotani. Mabatire a m'fakitale oyenera ntchito yotere amayesedwa motsatira malamulo monga IEC 62619 ndi UN 38.3, ndipo mbali ina ya mayesowo ndi kulitchaja batire mopitirira dala kuti aone chimene chichitike. Ngakhale ndi mayeso ochuluka, ndege za Boeing 787 zinaimitsidwa mu Januwale 2013 chifukwa cha mabatire a lithium amene anatentha. Batire lopangidwa limodzi lokha patebulo siliyesedwa motero, ndipo mayeso ake oyamba amachitikira m'nyumba ya woligula, nthawi zambiri pansi pa tebulo, pafupi ndi mapepala ndi makatani, eni ake atagona.

Kotero batire loyamba lija, la magulu atatu a 18650 mu UPS ya 12V, sindingalole aliyense kuligwiritsa ntchito, ngakhale litakhala ndi bolodi labwino chotani. Lachiwiri, la maselo anayi a LiFePO4, ndikuligwiritsabe ntchito ndipo ndingabwererenso kwa amisiri omwewo, koma ulendo uno nditapita ndi UPS yeniyeniyo kuti ayeze tchaja ndikuona, andionetse bolodi asanalikute, ndiponso atulutse kawaya koyezera selo lililonse kuti ndisamang'ambe pulasitiki pofuna kuyeza. Kawaya kameneka ndili nako tsopano. UPS ndinaichotsa pansi pa tebulo n'kuiika pa matailosi pamalo opita mphepo, ndipo kumayambiriro kwa mwezi uliwonse ndimayeza maselo anayiwo n'kulemba pa kapepala komata pambali pa bokosi. Ulendo womaliza ndinapeza 3.42V, 3.43V, 3.42V ndi 3.43V. Ndikachoka pakhomo kwa masiku angapo, ndimazula pulagi n'kumasula waya wa pozitivi wa batire.